Timatumba ta Kapitawo

Mu mzere wa mashopu momwe ndimagulitsira nyemba, mpunga ndi mtedza, chitseko choyamba kutseguka m'mawa ndi cha a Telala. Ine ndikamafika ndi matumba anga, makina awo amakhala atatentha kale. Ndi bambo wamtali, woonda ngati singano yawo yomwe, tepi m'khosi, choko kukhutu. Kusoka anaphunzira kwa amalume awo akadali mnyamata, ndipo akwati ambiri a m'dera lino anavala suti zotuluka m'manja mwawo. Akazi awo ndiwo ankasokerera mabatani ndi kusita, mpaka pamene anatisiya. Ana ali kutali ndi ntchito. Amene anatsala nawo m'shopumo ndi Kapitawo.

Kapitawo ndi chinkhwe chotuwa cha mchira wofiira. Dzinali analipata chifukwa chokhala pamwamba pa shelefu ya nsalu n'kumayang'anira ena akugwira ntchito. Amatha kulira ngati foni, amatsokomola ngati mlonda wathu, koma chuma chake chenicheni ndi mawu amodzi. Amati, "Abambo, tiyi akuzizira," ndi liwu lenileni la malemu aja. Akatero, a Telala ankaimitsa phazi pa makina, n'kuyankha kuti, "Ndamva, mayi," kenako n'kumupatsa mtedza. Kapitawo sanachedwe kuzindikira malondawo. Tiyi ankazizira m'mawa, masana, ngakhale pamene panalibe tiyi. Mtedzawo a Telala ankagula kwa ine, theka la kilo sabata iliyonse, munthu amene mano ake anasiyana kalekale ndi mtedza.

Tsiku lina Kapitawo anafuna kuuluka kuchoka pa shelefu kupita pa makina. Anagwa ngati mtolo wa zovala zonyowa, n'kuthera m'dengu la zidutswa za nsalu, akupumira m'mwamba. Dokotala wa ziweto sanabise mawu: mafuta akuta chiwindi, ndipo zikapitirira chomwecho mbalameyo siwona chaka china. Anati ya msinkhu umenewo izilemera chapafupi ndi magalamu 450, koma aitsitse pang'onopang'ono, asaiphe ndi njala.

Sikelo yabwino mu mzere wonsewo ndi yanga. Tinamuika Kapitawo m'katoni ya nsapato, ndinachotsera kulemera kwa katoniyo, panatsala 590. Amayi a pa saluni, amene anabwera ndi chipeso m'manja kudzaonerera, anati tisadzinamize, ameneyu si chinkhwe, ndi nkhuku yodikira alendo.

A Telala analeka kumupatsa mtedza tsiku lomwelo. M'mbale munayamba kulowa karoti, kabichi ndi chakudya chimene dokotala uja analamula. Kapitawo anataya karotiyo pansi, anatembenukira kukhoma, n'kutseka pakamwa. Foni sinalire, mlonda sanatsokomole, tiyi sanazizire. M'shopumo munkangomveka makina okha.

Itatha sabata yachiwiri, ndinawaona a Telala ataima pa benchi langa, akusisita thumba la mtedza.

"Mwana wanga, ndiyezere pang'ono chabe."

Ndinawauza kuti kugulitsa ndimakukonda kuposa kudya, koma mtedza umenewu sindiyeza.

"Ndikamupatsa, afa. Ndikamumana, salankhula," anatero motsitsa mawu. "Kulikonse ndingalowere, mkazi wanga ndimuika m'manda kachiwiri."

Anabwerera chimanjamanja.

Nzeru anawapatsa ndi Kapitawo yemwe. Chifukwa cha mkwiyo, anatsetsereka pa shelefu, n'kuyenda pa chingwe chopachikapo zovala zosokedwa kale, nang'amba thumba la shati ya kasitomala mpaka kulisiya lende. A Telala, m'malo mokalipa, anaima n'kumayang'ana. Mbalame imene inkadikira chakudya pamalo amodzi inali itayenda chingwe chonse yokha. Masana omwewo anakhuthula dengu la zidutswa, n'kusoka timatumba tating'ono ngati chala chachikulu, msoko wake wobwereza kuti tisang'ambike msanga. Tambiri anaikamo ndiwo zamasamba ndi chakudya cha dokotala, tochepa tokha ndito tinali ndi kachibenthu ka mtedza. Anatipachika pa chingwe, pa zenera, kuseri kwa galasi loyesera zovala. Mtedza woswekasweka wa pansi pa thumba, umene makasitomala amaukana, unapeza ntchito.

Kapitawo anayamba kugwira ntchito koyamba m'moyo wake. Ankakwera, kulendewera chadodolido, kung'amba, kupeza kabichi, kulusa, n'kupita pa kathumba kena. Loweruka lililonse katoni ya nsapato inkabwera pa sikelo yanga, anthu a mu mzerewo ataunjikana ngati pali mpira. 575. Kenako 560. Sabata ina sizinasunthe, ndipo tinagwira amayi a pa saluni akumupatsira bisiketi pa zenera. Anati anamumvera chisoni, munthu wonenepa amadziwa mnzake.

Miyezi inapita, sikelo inafika pa 470, kupuma kwa m'mwamba kuja kunatha. Koma mawu aja ayi. A Telala analeka kuwatchula n'komwe.

Masana ena anali pa liwiro ndi diresi la mkwatibwi, osadya kanthu chiyambire m'mawa. Ndinawagulira tiyi, n'kuika kapuyo pambali pa makina. Sanaione. Ndili pakhomo kutuluka, ndinamva mapiko. Kapitawo anachoka pa chingwe, anadutsa shopu yonse m'mwamba, n'kutera bwinobwino pamutu pa makina. Anayang'ana kapu ija ndi diso limodzi.

"Abambo, tiyi akuzizira."

Phazi linaima. Dzanja linathamangira m'thumba monga kale, koma linangopezamo choko. Anamukanda Kapitawo pamutu ndi chala.

"Ndamva, mayi."

Ndipo anamwa tiyi yense, akadali wotentha.

Lero timatumba tija tili pa benchi langa, pakati pa nyemba ndi mpunga. Oweta mbalame anamva mbiri yake, ndipo timatumbato sitikhalitsa pa benchipo. Ndikuwanyengerera a Telala kuti tiyambe kusoka tokulirapo ta amphaka. Iwo amangopukusa mutu, amati moyo wonse akhala akusoka suti zoti zisang'ambike, kutchuka akutchukira zinthu zosokera kung'amba.