Ndinapala Mankhwala a Pachilonda ndi Supuni

Lero ndiulule ine Nagama wa ku Soche, ndiulule ndipepukidwe!

Chilonda cha shuga chinandikhala pakakolo miyezi itatu, ukwati wa mdzukulu wanga Tadala uli pafupi, ine mtima uli dyokodyoko kufuna kukavina. Anamwino a ku Limbe anaikapo kansalu koyera, akuti kolajeni, kopangidwa ndi chikopa cha ng'ombe.

"Agogo, musakakhudze. Kakasungunuka kokha, mnofu uzimera pansi pake."

Tsiku lachitatu ndinasuzumira. Mayo ine! Zonanda, zachikasu, zotamuka ngati therere logona, kafungo kake kondifika kukhosi. Ndinati basi, ng'ombe yandiwolera pamwendo. Ndinatenga supuni ya tiyi, n'kupala, n'kupala, n'kutsuka ndi madzi amchere, n'kumanganso bandeji bwinobwino ngati si ine.

Lachisanu anamwino anamasula. Anayang'ana chilonda chili psuu, anayang'ana ine.

"Mankhwala aja ali kuti, agogo?"

"Chilonda chadya onse, mwana wanga. Chinali ndi njala."

"Chadya ndi mnofu watsopano womwe? Nanga mizere iyi, chamera mano?"

Ine n'kuyamba kanyimbo ka kutchalitchi chapansipansi, maso ali kudenga.

Anamwino anaikanso kansalu kena, kuyambiranso poyamba. Ku ukwati ndinavina nditakhala pampando, mwendo uli pandowa, mapewa okha akugwedezeka, nthungululu zokha ndiye ndinaposa onse. Mpaka lero Tadala amanyoza mankhwala aja kuti ndi achabechabe, ine n'kumavomera, "Eya, mwanawe, achabechabe."