Mabotolo a Pawindo la Twila Skeens

Taganizani m'mawa wamba zaka zingapo zapitazo kuno ku West Virginia, chifunga chitakuta chigwa chathu. Kuseri kwa golosale yomwe inatsekedwa kalekale kuli mzere wa anthu, manja m'matumba, akudikira kuti kawindo ka chipatala chaching'ono katseguke. M'katimo mwakhala Twila Skeens, namwino, akuthira methadone m'timakapu. Awa ndi mankhwala othandiza munthu kusiya mapiritsi opha ululu amene atimalizira ana. Ambiri a pamzerepo ndinawaphunzitsa kuwerenga ndine.

Twila anabadwira konkuno, bambo ake anali a mumgodi wa malasha. Pawindopo anagwirapo zaka khumi ndi zitatu, ndipo sankanyengerera munthu.

"Yasama ndione ngati wameza, Dalton. Nkhope yokongolayo ukapusitse nayo ena."

"Mayi Twila, mumandikonda inu, kungoti mukubisa," ankayankha Dalton.

Dalton Mullins anali mwana wa m'kalasi mwanga, wamanzere, wokonda kujambula malole m'mphepete mwa kope. Lamulo la pachipatalapo linali lakuti munthu akatha nthawi yaitali osakhudza mapiritsi, dokotala amamulola kutenga mabotolo a mankhwala a masabata awiri n'kupita nawo kunyumba, m'kabokosi kokiya. Dalton anakavutikira kabokosiko zaka ziwiri. Atakapeza analembedwa ntchito yocheka matabwa, yoyamba sikisi koloko m'mawa, ulendo wa ola lathunthu kuchokera pachipatala.

Kenako boma linalengeza thandizo lalikulu la ndalama ku zipatala zotere. Isanathe miyezi itatu, anthu achuma a kumzinda anagula chathucho. Eniakewo sitinawaonepo. Anatuma bambo wina wa nsapato zowala, a Prescott, atanyamula bokosi la madonasi. Ndinawamva ndi makutu anga pamsonkhano wa kutchalitchi akunena kuti chigwa chathu ndi "msika wokula msanga." Pabenchi yakutsogolo panali amayi awiri amene anaika ana awo m'manda chaka chomwecho. Donasi yanga ndinaibwezera m'bokosi.

Lolemba a Prescott anauza Twila kuti za mabotolo zatha, aliyense azibwera tsiku ndi tsiku. Chifukwa chake sanabise n'komwe: kampani ya eniakewo inkalandira ndalama zambiri munthu akamaonekera pawindo kawirikawiri.

"Bwana, Dalton amuchotsa ntchito sabata ino isanathe."

"Akamuchotsa ndiye apeza mpata wobwera, mayi," anatero a Prescott, akunyambita shuga kuchala.

Twila sanakangane nawo. Ankadziwa kuti wolamula za mabotolo si mwini chipatala koma dokotala. Vuto linali lakuti dokotalayo, nkhalamba yotopa, ankabwera Lachinayi lokha n'kusaina chilichonse chimene wachipeza patebulo, ndipo a Prescott anali atamuikira kale pepala limodzi lothetsa mabotolo a anthu onse. Lachinayilo Twila anakamudikira panja, poimika magalimoto, atakumbatira mafayilo pachifuwa.

"Adokotala, musanalowe muwerenge awa. Mmodzimmodzi. Dzina lililonse mulitchule ndimve."

"Twila, khofi sindinamwe."

"Mumwa mukamaliza."

Anawerenga choimirira, mafayilo ali paboneti ya galimoto yake. Munali zaka zimene munthu aliyense watha osakhudza piritsi, ntchito imene akugwira, ndi kutalika kwa ulendo wake. Atafika pa fayilo yachikhumi anapempha cholembera, nayamba kulemba pa iliyonse kuti mabotolo apitirire.

Mawa lake Twila anachotsedwa ntchito. Kalata inati sagwirizana ndi "masomphenya a kampani." Koma chithunzi chake, akumwetulira pawindo paja, chidakali pachikuto cha kabuku kamene kampaniyo imatumiza kwa anthu ofuna kuikamo ndalama zawo. Manyazi oti achichotse alibe. Twila tsopano amasamala okalamba m'tauni yoyandikana nafe, ndipo timakumana Loweruka kogula zakudya.

Pepala la a Prescott dokotala sanalisaine. Anthu makumi awiri ndi atatu anasunga timabokosi tawo, ndipo Dalton adakali pamakina ocheka matabwa, chino ndi chaka chachinayi.