Desiki Yakumbuyo ya Aphunzitsi a Shao

Tsiku limene zotsatira za masamu zinamatidwa pakhoma la sukulu yathu ya boma, kuno kumapiri a Guizhou, dzina la aphunzitsi a Shao Yulan linali pansi penipeni. Kalasi yawo inali yomaliza pa makalasi asanu ndi atatu, kachitatu kotsatizana.

"Aphunzitsi a Shao, akuluakulu amafinya ine," anatero ahedi, a Gong, pamaso pa aphunzitsi onse. "Teremu ikubwerayi zikakhala chomwechi, choko mutula. Muzikayang'anira kogona ana."

Aphunzitsi anzawo anayamba kuwazemba a Shao ngati kulephera n'chimfine. Amuna awo anali kutali, kufakitale ku Dongguan, ndipo pafoni ankangoti, "Ingopirira." A Shao anasungulumwa kwambiri, moti anasiya kupita kodyera aphunzitsi n'kumadyera m'kalasi okhaokha.

Tsiku lina anakhala pa desiki yakumbuyo kwenikweni ndi mbale yawo ya mpunga. Kwathu kuno mayeso akatha, okhoza amakhala kutsogolo, olephera kumbuyo. Tonse tinakula choncho, ndipo palibe ankafunsa.

Atadzutsa mutu, analephera kuwerenga zimene analemba okha pabolodi. Manambala anali ang'onoang'ono, ndipo kuwala kwa pawindo kunameza theka la bolodiyo. Anaika timitengo todyera pansi. Zaka zisanu ndi zinayi akukalipira ana akumbuyo kuti ndi aulesi!

M'mawa mwake anaitana Cuiping, mtsikana amene anakhala pa desikiyo chaka chonse.

"Iwe, bwanji sunanene kuti suona pabolodi?"

"Ndimayesa n'chilango chake, aphunzitsi."

Mawuwo anawalasa mumtima. Kuyambira Lolemba mizere inayamba kusinthana sabata iliyonse, ndipo manambala ankawalemba aakulu ngati chibakera. Masana ankabwereza ndi ana akumbuyo aja masamu onse amene anawadutsa.

Makolo a ana okhoza anakadandaula, ndipo a Gong anatulukira m'kalasi nkhope ili gwaa.

"Ndiye kuti akhama muziwalanga? Mwana akhoze, inu mukam'ponye kumbuyo?"

"Ahedi, takhalani apa," anatero a Shao, akuloza desiki ija. Analemba funso pabolodi mmene ankalembera kale. "Tandiwerengereni."

A Gong anakhala, n'kuyang'ana pabolodi motsinzinira. Anavula magalasi, anawapukuta, anavalanso. Kenako anadzuka n'kutuluka. Sanawayamikire, koma sanawaletsenso.

Teremu itatha, kalasi ya a Shao inakhala yachisanu. Si zoimbira nthungululu, koma choko sanatule. Cuiping, amene chiyambire sankapitirira malikisi 30, anapeza 71.

Inu amene akukuwerengerani masiku pantchito ndipo mulibe wokuimirani, musagwe ulesi, komanso musafulumire kuloza chala amene ali pansi panu. Nyamukani mukakhale pamene iwo amakhala, muone zimene amaona. Osataya mtima musanayese mpando umenewo.