Maliro a achimwene ali moyo

Ndinali ndi zaka khumi, ndikubwereza Sitandade 3, pamene ndinaliritsa kompaundi yonse maliro a munthu wamoyo.

Tinkakhala m'malayini a esiteti ya tiyi ku Thyolo, ine ndi amayi basi, abambo anali atatisiya kale. Achimwene anga a Fanuwelo, oyamba kubadwa, anali msilikali, ndipo chaka chimenecho boma linawatumiza ku Congo pamodzi ndi asilikali a mayiko ena kukasungitsa mtendere. Amayi zimenezi sizinkawalowa. Amalume a ku Masambanjati akabwera, amayi ankawafunsa kuti, "Nkhondo ya eni ake, mwana wanga akukatolako chiyani?" Amalume ankati maboma anapangana kuti kwina kukabuka moto azizimitsa limodzi, n'kuwakumbutsa kuti makolo athu anachoka ku Mozambique ndi mitolo pamutu, popanda wowaleretsa. Amayi ankangoti, "Anapangana okhaokha. Ine wobereka sanandifunse."

Tsikulo, Lachiwiri, kunali chiperoni, mapiri osaoneka, ndipo ndinkachokera kusukulu ndikunjenjemera. Pageti la fakitale ndinaima kuti ndiwotheko mbaula ya alonda. Wayilesi yawo inali pamwamba pa njerwa. Ndiye ndinamva ndi makutu angawa: msilikali mmodzi wa dziko lino waphedwa ku Congo, kwawo ndi ku Thyolo, dzina silitchulidwa mpaka achibale atadziwitsidwa. Alondawo anangopukusa mutu n'kutembenuza chimanga chawo pamoto. Koma ine mutu wachibwana unawerenga msanga. Msilikali wa ku Thyolo ndinkadziwa mmodzi yekha. Achibale osadziwitsidwawo ndiye ndife, nanga awadziwitse ndani ngati si ine amene ndamva?

Ndinathamanga. Ndinadula pakati pa mizere ya tiyi, nthambi zikundikanda miyendo, yunifolomu itanyoweratu, makope ndinawagwetsera kuti sindikudziwa mpaka lero. Amayi ndinawapeza akuthyola tiyi, dengu lili kumsana, pulasitiki atamanga m'chiuno. Ndisanafike n'komwe ndinakuwa, "Amayi, achimwene afa! Anena pa wayilesi!"

Sanandifunse kanthu. Dengu linagwa, masamba a tsiku lonse mbwee m'matope, ndipo anatulutsa mfuu imene sindinaimvepo kwa munthu. Azimayi a mizere ina analandira kulirako, wina kupatsira wina, mpaka kutsidya la dambo. Akapitawo anavula chipewa n'kunena kuti awaperekeze kunyumba. Dzuwa lisanapendeke anyamata anali atayala kale nthambi pamsewu kuti odutsa adziwe kuti pali zovuta, azimayi a kutchalitchi atadzaza m'nyumba akuimba, azibambo atakhala panja pansi pa mabulugama. Ine ndinali pakhomo, ndikulira ndithu, komanso ndisaname, penapake ndinkadziona ngati munthu wofunika.

Amalume anafika pa njinga, anakhala pansi, anapuma. Kenaka anafunsa mwakachetechete, "Uthengawu wabwera ndi ndani? Galimoto ya asilikali inafika nthawi yanji?"

Wina anandiloza.

"Esinati, bwera kuno. Dzina unalimva?"

"Ayi."

"Nanga unamva chiyani?"

"Anati wa ku Thyolo."

"Thyolo ndi nyumba ya amakoyi?"

Nyimbo inadukira pakati. Anthu anayamba kunyamuka mmodzimmodzi, osayang'anana, anyamata aja anakatola nthambi zawo n'kuziponya kudzenje. Mayi wina wachikulire wa layini yakumtunda, pomanga chitenje chake, ananena mokweza kuti aliyense amve, "Kulira munthu wamoyo ndi malodza. Mwamuitanira nokha ameneyo."

Mawu amenewo ndiwo anandipha. Pajatu palibe ankadziwa ngati achimwene ali moyo kapena ayi. Foni yawo sinkalowa. Ndiye ndinaona kuti ngati anafa kale, chabwino ndinanena zoona, koma ngati ali moyo n'kudzafa mawa, wawapha ndine, ndi pakamwa pangapa.

Masiku anayi palibe anandimenya, bola akanandimenya. Anzanga anawaletsa kusewera nane, kumjigo ndikafika nkhani zinkatha. Amayi anabwerera kumunda maso atatupa, ndipo kwa ine sanatulutse liwu ngakhale limodzi. Chakudya ankangondikankhira mbale. Kusukulu sindinapite. Ndinkakhala kuseri kwa nyumba ndekha, pamalo poonekera msewu wochokera kufakitale, kuwerenga magalimoto. Thirakitala ikalira kutali ndinkaimirira n'kuiyang'anitsitsa mpaka nditaona kuti yanyamula matumba a tiyi, si anthu a yunifolomu.

Tsiku lachisanu masana akapitawo anabwera ndi foni yawo m'manja, akuitana, "Amake Fanuwelo, lankhulani ndi mwana wanu!" Anali achimwene ndithu, mawu akudukaduka. Wophedwayo anali mnyamata wa chaku Goliati, ku Thyolo konkuno, ankagona naye tenti imodzi. Ndinkayesa amayi aimba nthungululu. Anangokhala pansi pafumbi, miyendo tambalale, foni ili pakhutu ngakhale itaduka kale.

Madzulo ake tikusadzula masamba a nkhwani ndi pamene anandilankhula. "Esinati, uthenga wa maliro suthamanga. Umabwera ndi akulu awiri, amayamba akhala pansi, apempha madzi akumwa. Wobwera nawo chothamanga sanatumidwe." Kenaka anati, "Ine mwana wanga ndinamuika m'manda Lachiwiri lija. Watulukamo, inde, koma dzenjelo landitsalira."

Lero ndili ndi mwana wa miyezi isanu ndi iwiri kumsana, ndipo bambo ake ndi msilikali. Musandifunse kuti bwanji, mtima sufunsa. Nawonso anapita komweko ku Congo, mapangano ake omwe aja, ndipo ine ndinabwerera kuno kumalayini chifukwa nyumba ya kukampu ya asilikali inkandikulira. Masiku ano si wayilesi yokha, mafoni angodzaza zithunzi ndi mauthenga opanda mwini, uyu akuti asilikali athu awazungulira, uyu akuti akubwerako, uyu akuti mitembo ili m'njira. Sabata yatha mtsikana wa nyumba yoyandikana anabwera wefuwefu, foni patsogolo, "Alamu, mwaona izi?" Ndinamuuza kuti akhale pansi kaye, andiuze amene wamutuma. Foniyo sindinaiyang'ane.

Zaka zonsezi ndinkayesa kuti masiku anayi aja amayi ankandilanga, kuti anandida chifukwa ndinawachititsa manyazi pamaso pa kompaundi. Ndazindikira tsopano pamene bambo a mwanayu atha masiku asanu ndi anayi osaimba foni. Ndimamuyamwitsa osamuimbira nyimbo, osamuseketsa, amayi akandifunsa kanthu ndimayankha ndi mutu. Sikuti ndakwiya ndi munthu. Kulira kwafika pakhosi apa, ndipo ndikangotsegula pakamwa kutuluka, ndiye ndikhala ndalira munthu amene mwina ali moyo. Amayi aja sankandilanga ayi, ankamusunga mwana wawo ndi pakamwa potseka. Inenso ndatseka panga.