Wozinga Mbuzi ya Ubatizo

Ndinaganiza zochoka ku Mbamba Bay, kuno ku Tanzania, chaka chimene usipa unasowa, amuna anga atangomwalira kumene. Ine kobadwira ndi tsidya lija, ku Malawi, koma ndinakwatiwa kuno ndili mtsikana, ndipo kwathu ndi kuno basi. Mwana wanga Agnesi anali ndi pakati, mwamuna wake ali pa ulova. Nditamva kuti ku Songea kuli banja lofuna munthu wosamalira mayi wokalamba, ndinati ndipita, manja ndili nawo.

"Amayi, anthuwotu ndi Asilamu," anatero Agnesi akundimangira katundu.

"Nanga Asilamu sakalamba?" ndinayankha motero, koma mtima uli m'mwamba. Kolona ndinabisa pansi pa zovala ngati chinthu chakuba.

Mayi wokalambayo anali Bibi Zuhura, wofa ziwalo mbali imodzi. Ku Songea kumazizira, nyanja kulibe, ndipo wolankhula naye Chichewa ndinalibe, moti ndinkacheza ndi miphika. Kangachepe komwe ndinkalandira ndinkatumiza kwa Agnesi pa foni. Tsiku lina Bibi anandipezerera ndili chogwada kuseri kwa chitseko, kolona m'manja. Ndinati basi, ntchito yatha.

"Mama Agnesi, ukubisalira ndani? Mulungu kapena ine?" anatero m'Chiswahili. "Ukamaliza undipempherereko mwendowu, mwina iwe akumva msanga."

Msilamu asanapemphere amasamba mwa dongosolo lake: manja, mkamwa, mphuno, nkhope, mikono, kumutu, kenako mapazi. Bibi sankatha kuchita okha, ndipo mpongozi wawo ankakhala ku sitolo. Ndiye anandiphunzitsa ine. Ndinkawathira madzi, iwo akunong'ona mawu awo, ine mumtima ndikunena Atate Athu. Poyamba ndinkaopa kuti ndikuchimwa. Mpaka lero sindinganame kuti mantha aja anatheratu.

Pa chikondwerero chawo cha Idi anandipempha ndiwaperekeze ku mzikiti. Anandipatsa kanga yobiriwira, nsalu yofunda kumutu, ndipo ndinawakankha pa njinga yawo ya olumala mpaka pakhomo, ine nkukhala panja. Pamenepo ndi pomwe anandionera Mayi Koleta a ku Lipingo, mnzanga wa mpingo yemwe amagulitsa usipa ku Songea. Moni wawo unali wa pamphuno. Sabata isanathe foni inalira.

"Amayi, kuno akuti mwalowa Chisilamu. Akuti munafunda kumutu pa mzikiti."

"Agnesi, ndinangoperekeza wodwala."

"Mwanayu akabadwa ndimati mudzamubereke ndinu popita ku ubatizo. Tsopano anthu adzati chiyani?"

Anadula foni. Kuyambira pamenepo ankangoyankha kuti ndalama zafika, zikomo. Mwana atabadwa ndinamvera kwa ena. Munthu ukane bwanji bodza lokhala ndi mboni yoona ndi maso?

Bibi anamwalira mvula itayamba. Amayi a Chisilamu akusambitsa mtembo, ine ndinkawatenthetsera madzi, ndipo anandilola kugwirako nsalu yotchinga. Mpongozi wawo anati kanga ija ndipite nayo. Ndinakwera basi yobwerera kwathu, yodzera ku Mbinga. Ubatizo unali mawa lake. Ndinkadzifunsa kuti Agnesi adzandipatsa mwanayo kapena ndidzaonerera kumbuyo ngati mlendo.

Agnesi anandilandira bwino ndithu, koma khandalo anangondionetsa ali nalo m'manja mwake. Za mawa sanatchule, inenso ndinaopa kufunsa.

Kutacha, amayi a mpingo anabwera kudzathandiza kuphika, Mayi Koleta ali pomwepo. Mbuzi ya phwando inali yomangidwa pa mtengo wa mango, madzi akuwira, mipeni yonoledwa, koma palibe woikhudza.

"Nanga mukudikira chiyani?" ndinafunsa mkamwini wanga.

"A Selemani, amayi. Achedwa ku nyanja."

A Selemani ndi msodzi, Msilamu, ndipo Asilamu kuno ndi owerengeka. Koma chikwatiwire changa, pa ukwati, pa maliro, pa ubatizo, mbuzi amazinga ndi iwo, kuti aliyense wobwera adye mosakayika. Malemu amuna anga ankawaitana, inenso ndinkawasungira chiwindi. Ndinkangowaona ngati mmene munthu amaonera mtengo wa pakhomo pake.

A Selemani anafika akupepesa, nagoneka mbuzi nkhope kumpoto, komwe Bibi ankayang'ana popemphera. Asanaike mpeni ananong'ona mawu awo. Ndinawazindikira, pakuti anali mawu omwe aja Bibi ankanong'ona ndikamawathira madzi.

"Inu mwaphunzira kumeneko," anatero Mayi Koleta akundiyang'ana, mokweza kuti onse amve. "Tatiuzani, akuti chiyani?"

Amayi onse anatembenukira kwa ine.

"Akuti m'dzina la Mulungu," ndinatero. "Ndipo inu Amayi Koleta, nyama yonenedwa mawu amenewo mwakhala mukudya kuyambira muli ndi mano onse. Munalowa liti Chisilamu?"

A Selemani anaseka mpaka kuika mpeni pansi. "Mayi awa amatenga ndi mafuta omwe, kukulunga m'tsamba!" Amayi ena anabisa nkhope m'zitenje. Mayi Koleta anapita kukasonkhezera moto womwe unali ukuyaka kale.

Agnesi sanaseke. Analowa m'nyumba, ndipo ine ndinati ndaonjeza, mwana ndamuchititsa manyazi pa tsiku lake. Belu la ku tchalitchi linayamba kulira. Ndinaima pomwepo manja ali lende, osadziwa ngati ndikavale kapena ndikhale.

Agnesi anatuluka ndi khanda, kanga yobiriwira ija ili paphewa. Anali ataipeza m'chikwama changa.

"Yomwe munafunda ija ndi imeneyi?"

"Ndi yomweyo."

Anaiyang'ana nthawi yaitali. "Weramani, amayi. Tachedwa."

Ndinawerama, nandiika mwana kumsana, namanga yekha mfundo pachifuwa panga. Ndinalowa m'tchalitchi maso a anthu ali pa nsalu ija. Pofika popempherera akufa, ndinatchula amuna anga, kenako chapansipansi ndinatchulanso Bibi Zuhura. Sindinafunse munthu ngati nzololedwa.