Mantura ndi Nsalu Zofiira za M'mazenera

Abuna Semaan, wansembe wathu, andipempha kuti ndilembe za moyo wa malemu Mantura m'kalata ya parishi ya mwezi uno. Ndinawauza kuti ine sukulu ndinangoinunkhiza, iwo n'kuti ndi zomwe akufuna, poti ophunzira amatalikitsa nkhani. Ndiye wopeza cholakwa abwere kunyumba, atanyamula khofi.

Mantura anabadwira kumtunda kwenikweni kwa mudzi wathu, kumene msewu umatopa n'kusanduka masitepe. Anali chitsiriza m'banja la mlimi wa maapozi, ndipo anakula akupukuta zoikapo makandulo m'tchalitchi. Sanakwatiwe. Panali mnyamata wina wa ndevu zabwino, koma anapita ku Brazil monga linachitira theka la mudzi uno. Azilongo ake nawo anapita mmodzimmodzi. Iye anatsala ndi mayi ake mpaka anawatseka maso, kenako anapeza ntchito yosesa pasukulu ya sekondale ya kumunsi. Zaka makumi atatu anatsika masitepe aja m'mawa ndi korona m'manja, madzulo n'kuwakwera.

Chinamusintha ndi imfa ya Tanios wosoka nsapato, mnansi wake, amene ana ake onse anali ku Australia. Nyengo ina yozizira anafera pampando wake, ndipo anakhalapo masiku asanu ndi limodzi. Oyamba kudziwa anali amphaka. Mantura ndiye anakankha chitseko. Zimene anaona sanauzepo munthu, koma kuyambira tsikulo pemphero lake linali limodzi: "Ambuye, aliyense afe dzanja lili m'dzanja la mnzake. Ndipo ine musandisiyire amphaka."

Lamlungu lotsatira anaima pakhomo la tchalitchi ndi dengu la tinsalu tofiira. Anali atadula diresi lake la Pasaka.

"Aliyense wogona yekha atenge kamodzi," anatero. "Mukadzuka mupachike pazenera, dzuwa likamalowa muchotse. Ndikapanda kuiona nsalu m'mawa, ndikulowa."

"Nanga ukandipeza ndili m'bafa?" anafunsa Umm Elias, gogo wa pakamwa ngati tsabola.

"Ndidzathokoza Mulungu kuti mwayamba kusamba, azakhali."

Mazenera anali makumi anayi, mawondo ake awiri okha. Mwamwayi ana a sekondale amayenera kugwira ntchito yothandiza anthu asanamalize sukulu. Ambiri ankabzala kamtengo kamodzi n'kudzijambula kakhumi. Mantura anaika tsache pansi, n'kulowa kwa ahedi, nati, "Aphunzitsi, ndibwerekeni miyendo." Kuyambira pamenepo mwana aliyense anali ndi kanjira kake koyendera belu lisanalire. Mantura kulemba sankadziwa, choncho mapepala a anawo ankadinda ndi chala, ndipo chalacho sichinkadinda zabodza.

Mnyamata wina, Jad, anapeza nzeru yowerenga nsalu ali pakhonde la kwawo, atakuza chithunzi pa foni. Mantura anamugwira khutu.

"Nsalu ilibe pakamwa, mwana iwe wa Mulungu. Ima pansi pa zenera, ufuule kuti 'Mwadzuka?' mpaka akutukwane. Wotukwana ali moyo."

Ndipo m'mawa uliwonse mudzi wathu unkadzuka ndi matemberero a nkhalamba. Abuna anadandaula, koma analeka tsiku limene Jad yemweyo sanatukwanidwe, nathyola chitseko, n'kupeza Umm Elias ali pansi ndi chiuno chothyoka, akupuma. Gogoyo anakhalanso zaka zisanu ndi ziwiri, akunyoza aliyense.

Mwini zenera akamwalira, Mantura ankachapa kansalu kake, n'kukasita, n'kumuikira m'manja pamodzi ndi korona bokosi lisanatsekedwe. "Akaonetse kumeneko kuti wadzuka," ankatero. Izi muzikumbukire, poti ine ndinaziona ndi maso anga maliro aliwonse.

Zaka zinapita, kanjira ka kumtunda kanatha anthu. Nyumba zinakhomedwa misomali, makiyi ali kutsidya kwa nyanja. Anatsala ndi Mantura yekha, ndipo apa ndi pamene tonse tinalakwa. Iye analibe nsalu. Ndani akanaganiza zopatsa nsalu mwini dengu? Ana ankagawana njira za kumunsi, n'kumati kumtunda kulibe woyendera.

Lamlungu lina la February, atabwera ku Misa, anaterereka m'khitchini mwake. Mwendo unakana. Anafuula mpaka mawu anauma. Lolemba linadutsa, moto utazima, ife n'kumati wakhala chifukwa cha kuzizira. Lachiwiri m'mawa nkhungu inaphimba mudzi moti sukanaona dzanja lako. Mantura ali pansi pomwepo anamva mapazi ofewa padenga, kenako kulira pakhomo. Anawadziwa: amphaka. Anafumbata korona, nati, "Ambuye, tinagwirizana."

Ndiye anamva zenera likulira kumunsi kwa masitepe, kulira kwa chitsulo cha dzimbiri. Kenako lina, pafupiko. Kenako linanso. Iye ankadziwa liwu la zenera lililonse m'kanjira kaja, ndipo anawatchula mayina eni ake mmodzimmodzi pamene ankatsegula.

M'mawa womwewo mtsikana wina wa sekondale, Layal, anali atamaliza njira yake, akubwerera. Atakweza maso anaona chofiira m'nkhungu, pazenera la Umm Elias, amene tinamuika zaka zinayi zapitazo. Anaganiza kuti ndi Jad ndi masewera ake. Anakwera kuti akachotse, koma chitseko chinali chokhomedwa, ndipo nsaluyo inali yositidwa bwino, ikununkha lubani ndi dothi lonyowa. Kutsogolo kunali ina. Mwanayo akuti miyendo inkafuna kutsika, koma lamulo ndi lamulo: nsalu ukaiona, fuula. Anakwera akufuula pa nyumba iliyonse, "Mwadzuka?" Osayankhidwa. Nsalu khumi ndi imodzi. Pazenera la Tanios, amene anafa nsalu zisanabwere, panalendewera chingwe cha nsapato. Wosauka anapachika chimene anali nacho.

Zenera limodzi lokha linali lopanda kanthu, lomaliza. Amphaka atatu anali atakhala pakhomo.

"Azakhali Mantura! Mwadzuka?"

Zii.

"Azakhali! Mwadzukaaa?"

Mayi amene sanatukwanepo munthu chibadwire anasonkhanitsa mpweya wonse umene anali nawo.

"Galu iwe, wachedwa!"

Amuna atakwera ndi machira sanaone nsalu ngakhale imodzi. Musandifunse ine amene anapachika. Mawondo anga kumtunda anakusiya kalekale. Abuna akuti tisamafufuze zambiri.

Mantura anakana kupita kuchipatala cha kutauni. Anagonekedwa pabedi lake, analandira mafuta oyera ndi Ukaristia, ndipo anapempha pepala la Layal n'kulidinda ndi chala. Anamwalira Lachinayi masana, ana a sekondale atadzaza chipinda mpaka pakhomo, dzanja lina lili kwa Layal, lina kwa Jad, amene tsopano ndi bambo wa ana awiri ndipo analira kuposa onse. M'bokosi la zovala zake anapeza kolala ya diresi la Pasaka lija, chotsala chokha. Anaisita n'kumuikira m'manja.

Dengu tsopano lili kusukulu, ndipo ana a kalasi yomaliza amagawana okha njira. Ya kumtunda sanaichotse, ngakhale kulibe munthu. Amapita awiriawiri, n'kufuula pa zenera lililonse mpaka lomaliza. Mpaka lero sanayankhidwepo, koma Layal akuti pa lomalizalo amadikira pang'ono, atagwira khoma.

Mulungu amupatse mpumulo mtumiki wake Mantura. Inu ogona nokha amene mukudziyesabe anyamata, katengeni nsalu Lamlungu. Yanga ili kale pazenera, ndipo kutukwana ndimakudziwa.