Zipewa Zowala za a NyaLongwe

A Hilda NyaLongwe a ku Mzilawaingwe ndi munthu woti akakuuza kuti chipewa chako chapotoka, usatsutse, ingochivula. Anabwera mu Mzuzu kuchokera ku Nkhata Bay ali mtsikana, ndipo chisanu cha kuno sanachikhululukire mpaka lero. Zaka zoposa makumi awiri akhala akulimbana nacho ndi masipoko awiri a njinga onoledwa kunsonga. Amagula majuzi akale pa kaunjika, n'kuwamasula, wulu wake n'kulukira ana a sukulu zipewa. Zipewa zawo sungazisokoneze ndi za wina: zofiira, zachikasu, zaolenji. Chifukwa chake chilipo. M'mawa wa mu Juni chifunga chikatsika kuchokera kumapiri a Kaning'ina, woyendetsa minibasi saona mwana m'mbali mwa msewu, koma chipewa cha a NyaLongwe amachiona. Kwa iwo, kukonda mwana ndi kumuveka zoti aoneke patali.

Mwana wawo wamwamuna ndi mmodzi yekha, Overtoun. Ameneyu anasiya koleji ya uphunzitsi n'kukalowa usilikali, ndipo mayi ake zinawapweteka mpaka m'mafupa. Tsiku limene anabwera kudzatsazika kuti gulu lawo likupita ku Congo kukasungitsa mtendere, iwo anamufulatira, maso pa masipoko, n'kumuuza kuti akatsazike amene anamulangiza zosiya sukulu. Mwanayo nayenso ndi wamakani ngati mayi ake. Miyezi isanu ndi itatu inatha akungoimbira mlongo wake Esme, mayi n'kumamvera nkhani za mwana wawo kwa wina ngati mlendo. Kupepesa ndi pakamwa sakanatha, zimenezo ankadziwa okha. Choncho amayi a kutchalitchi atamva kuti kukampu akulandira timphatso topita kwa asilikali, a NyaLongwe anali oyamba kuimika dzanja. Ankafuna kuti kanthu kochokera m'manja mwawo kafike kwa Overtoun.

Amayiwo ankakumana Lachiwiri lililonse masana pakhonde la tchalitchi, ndipo Lachiwiri lililonse a NyaLongwe ankabwerako mutu ukuwawa. Amayi analipo khumi ndi awiri, koma odziwa kuluka atatu basi. Enawo ankabwera ndi mtedza ndi nkhani za amuna a eni. A Deborah NyaGondwe a ku Salisbury Lines, anzawo a kalekale, ankaluka mizere iwiri n'kuyamba za mkamwini wawo, chipewa n'kutuluka chokwana mutu wa mphaka. A NyaLongwe ankangolanda, kumasula, n'kuwabwezera wulu. Tsiku lina a NyaGondwe omwewo anafunsa ngati sikukanakhala bwino kuyamba afunsa kukampu za mitundu, poti asilikali amawaona atavala zobiriwira zokhazokha. A NyaLongwe anawayankha kuti amene sanamalizepo chipewa ngakhale chimodzi asaphunzitse anzake mitundu. Nkhani inathera pomwepo.

Patatha miyezi iwiri, zipewa makumi anayi zinakwana m'thumba. Lolemba m'mawa awiriwo anapita nalo kukampu, atavala zitenje zawo zabwino. Anawalandira sajeni wachizimayi wa Chichewa cha kuchigawo chapakati. Atamasula thumba, patebulo panangoti ngwee, ngati pamsika wa tomato. Sajeniyo anatola chipewa chimodzi chaolenji, anachitembenuza, nayamikira kuti kuluka kwake n'kwaluso. Kenako anachibwezera m'thumba.

"Amayi, izi sizingapite. Kumene kuli anyamatawa, munthu akaoneka patali ndiye kuti wadziika pangozi. Chipewa ichi munthu angachione ali kutsidya la phiri."

A NyaLongwe anayang'ana thumba lija. Zaka zonsezi akhala akuveka ana kuti aoneke, lero akanaveka mwana wawo yemwe kuti mfuti imupeze. Anachita manyazi, anachitanso mantha, ndipo zonse ziwiri zinasanduka ukali. Sajeni anawauza kuti galimoto ya katundu inyamuka Lachisanu, akapeza zakuda kapena zobiriwira abwere nazo. Ali panja pa geti a NyaGondwe anapumira m'mwamba n'kunena chapansipansi kuti safunsa anadya phula.

Mawa lake a NyaLongwe anagula dayi wakuda wonyikira nsalu mumsika, natereka mphika waukulu wa pamaliro umene anabwereka kutchalitchi. Anawiritsa zipewa, kuvundula ndi mthiko mpaka maso kufiira ndi utsi. Koma wulu wa pa kaunjika si waubweya weniweni, ndi wa pulasitiki, sumwa dayi. Madzi anada bii, manja anada mpaka m'zigongono, koma zipewa atazitsukuluza zinatuluka zikuwala ngati kale, kungoti tsopano zinatanuka. Anakankha mphika ndi phazi, nakhala pansi pa mpanda. Majuzi akuda oti n'kumasula akanawapeza, koma zipewa makumi anayi m'masiku awiri, ndi amayi a mtedza aja, akanaluka ndani?

Lachitatu anabwerera kukampu okha, manja ali akudabe, kukafunsa zimene akanafunsa poyamba paja. Kufunsako kunawalemera kuposa thumba. Sajeni anayang'ana manjawo, ndipo sanaseke. Anati masokosi amaloledwa a mtundu uliwonse chifukwa amabisika m'jombo, ndipo anyamata amawalira kwambiri poti mapazi amanyowa ndi matope. Anawonjeza kuti ngati ali ndi mwana kumeneko alembe dzina papepala, akafika kwa mwini wake. Koma akhale omukwana bwino, chifukwa sokosi yothina kapena yokhwepa m'jombo imatulutsa matuza.

"Amavala nambala yanji mwana wanuyo?"

A NyaLongwe sanadziwe. Nsapato yomaliza anamugulira ali Fomu 2. Kunyumba anagwedeza chipinda chonse cha Overtoun, osapeza ngakhale patapata. Esme nayenso sankadziwa, ndipo anakana zoti awafunsire. Anati watopa kukhala mtenga pakati pa anthu awiri akuluakulu. Anangodina nambala, n'kuika foni m'dzanja la mayi ake, iye n'kutuluka panja.

Foni inalira kanayi. A NyaLongwe anafuna kuidula, koma sankadziwa podina.

"Esme, wawuka uli?" anapereka moni Overtoun m'Chitumbuka, poganiza kuti ndi mlongo wake.

"Ndine nyoko," anatero mayi akewo mwaukali, ngati wolakwa ndi foniyo. "Umavala nsapato nambala yanji?"

Ankangomva mphepo ndi mawu a anthu chapatali, mpaka anaganiza kuti mwanayo wadula.

"Teni, amama."

A NyaLongwe anamva kuti mwana wawo akulira. Anali ndi zambiri zoti anene, za sukulu, za tsiku lotsazika lija, za miyezi yonseyi, koma anangoti:

"Teni? Wulu wanga wonse uthera iwe."

"Yewo, amama," anathokoza mwanayo.

Anakhala pa mpando foni ili kukhutu, misozi ikutsika, akudikira kuti mwanayo adule. Nayenso sanadule.